Mzere wa maatomu ndi nkhani ya Majorana: anapezadi kapena ayi?

A Mbewe: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo. Mnyamata wina wa Fomu 4 anabwera Lachisanu ndi foni ya amalume ake, akundionetsa nkhani yoti kampani ya Microsoft inatulutsa kachipangizo kotchedwa Majorana 1 mu February 2025, ati kadzasintha makompyuta onse. Anandifunsa kuti Majorana n'chiyani. Ine ndinangoti ndi dzina la munthu, belu n'kulira, ndiye kupulumuka kwanga kumeneko. Koma Lolemba akundidikira. Usiku ndafufuzafufuza mpaka ndapeza zithunzi za maatomu ondandalikidwa ngati mikanda, kunsonga kwa mzerewo kukuwala. Tiya, ndimamva kuti ntchito yako ku Germany ndi yomweyi. Tandimasulire mwana wanga, m'Chichewa choti mwana wa Fomu 4 amve.

Gift Wamagetsi: Kkkk aphunzitsi kupulumutsidwa ndi belu. Kale ndife timapulumuka nalo.

Tiyamike: Mwaswera bwanji aphunzitsi? Simunaname, ndi dzina la munthudi. Ettore Majorana anali katswiri wa fizikisi wa ku Italy. Mu 1937 analemba kuti n'zotheka kukhala ndi kanthu kamene mdani wake ndi iko komwe. Paja elekitironi ili ndi mnzake wotsutsana nayo, positron, zikakumana zimathana. Iye anati pangakhale kena komwe ukakatembenuza chomwecho upeza ndi komweko. Chaka chotsatira, mu March 1938, anasowa ali pa ulendo wa pa sitima ya pamadzi pakati pa Palermo ndi Naples, ndipo mpaka lero nkhani yake anthu amakanganabe.

Koma ndiyambe ndi kulekanitsa zinthu ziwiri. Kachipangizo ka Microsoft si mzere wa maatomu umene mwaona pa zithunzi. Iwo amagwiritsa ntchito timawaya ta indium arsenide tokutidwa ndi aluminiyamu. Zithunzi za mikandazo ndi njira ina yosakira nyama yomweyo. Ine ndili ku njira ya mikandayi.

Nabanda: Asisi yambirani pansi penipeni. Ena tinasiya fizikisi pa MSCE, tinalowera ku zachipatala.

Tiyamike: Chabwino amayi. Pansi pake ndi superconductor. Mu 1911 ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mekyule mpaka 4.2 K, ndiye kuti pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro, n'kupeza kuti magetsi akudutsa popanda chowabweza ngakhale pang'ono. Chifukwa chake chinadzamveka mu 1957, pamene Bardeen, Cooper ndi Schrieffer anasonyeza kuti kukazizira chomwecho maelekitironi amayenda awiriawiri. Kuti uwalekanitse awiriwo pamafunika mphamvu yokwanira muyeso wina wake. Pansi pa muyeso umenewo, elekitironi yoyenda yokha ilibe pokhala. Malo opanda kanthuwo timawatcha gap. Aganizireni ngati bwalo losesedwa bwino, lopanda ngakhale katsamba. Nkhani yonse imene ndikambe ikuchitikira m'bwalo limeneli.

Gift Wamagetsi: Waya wopanda resistance? Eish, nditaupeza umenewo ndiye kuti makasitomala anga kuno ku Joni asiya kundiimbira kuti soketi yapsa.

Tiyamike: Mungaupeze achimwene, koma mugulenso helium yamadzi yoti muziuthirira usana ndi usiku. Mtovu umasanduka superconductor pa 7.2 K, niobium pa 9.2 K. Firiji ya kunyumba imathera chapamwamba kwambiri.

A Mbewe: Pitiriza Tiya. Maginito akulowa pati? Ine ndimaphunzitsa kuti superconductor imakankhira kunja mphamvu ya maginito, zija za Meissner za mu 1933.

Tiyamike: Ndi pomwepo pokoma aphunzitsi. Maginito ndi superconductor samwerana madzi, chifukwa maelekitironi awiri aja amagwirizana wina spin yake (kamuvi ka maginito kamene elekitironi iliyonse ili nako) italoza kumwamba, wina pansi, pamene maginito amafuna onse aloze kumodzi. Ndiye ukaika atomu imodzi yokha ya maginito, monga ya ayironi kapena manganese, pamwamba pa superconductor, siingathe kuwononga chitsulo chonsecho, koma pamalo pamene yakhalapo imasokoneza. M'bwalo losesedwa lija mumaoneka kampando kamodzi koti elekitironi yokha ikhalepo, pafupi ndi atomuyo basi. Anthu atatu anazipeza pa pepala, aliyense payekha: Yu Lu wa ku China mu 1965, Hiroyuki Shiba wa ku Japan mu 1968, ndi Rusinov wa ku Soviet Union mu 1969. N'chifukwa chake timati ma YSR state, ena amangoti ma Shiba. Kuziona ndi makina pa atomu imodzi kunatheka mu 1997, pamene Ali Yazdani ndi anzake ku IBM anayeza maatomu a manganese ndi gadolinium pa niobium.

Tsono ukaika atomu yachiwiri pafupi, timipando tawo timayamba kumvana. Yachitatu, yachinayi, mpaka mzere, timipandoto timalumikizana kukhala kanjira koti elekitironi iziyenda m'kati mwa bwalo lija. Wapanga kawaya katsopano kopyapyala ngati atomu imodzi.

Yamikani: Asisi ndiloleni gawo la Kitaev ndilikambe ine, ndi lokhalo limene ndimalidziwa bwino kkk. Aphunzitsi, mu 2001 Alexei Kitaev anatulutsa masamu a kawaya kotere. M'masamu, elekitironi iliyonse ungathe kuilemba ngati matheka awiri. Nthawi zonse zimenezi zimangokhala zapapepala, chifukwa mathekawo amakhala pamodzi. Iye anasonyeza kuti pali mtundu wa superconductor umene theka la elekitironi ya pano limagwirana ndi theka la elekitironi yoyandikana nayo, osati ndi mnzake wa m'nyumba yomweyo.

Lolemba mukatulutse ana 10 panja, aime pamzere. Mwana aliyense ndi elekitironi, manja ake awiri ndiwo matheka. Poyamba aliyense agwire manja ake omwe. Palibe dzanja lotsala. Kenako aliyense agwire dzanja la mnzake wa pambali. Muwafunse kuti manja otsala ali kuti. Apeza limodzi kunsonga iyi, lina kunsonga inayo. Manja awiri amenewo ndiwo ma Majorana. Onse pamodzi akupanga elekitironi imodzi, koma ili theka uku theka uko.

A Mbewe: Aaa iyi ndiye phunziro lathunthu. Nanga nditawauza kuti azungulire bwalo ngati akuvina chitelele?

Yamikani: Manja otsala asowa, ndipo masamu akunenanso chimodzimodzi. Mzere wopanda nsonga ulibe Majorana wa kunsonga. Mukadula bwalolo paliponse, manja awiri atulukira pomwepo. Ndiye tanthauzo la mawu oti topological: chimene chikuchititsa si mwana wa kunsongayo, ndi magwiridwe a manja a mzere wonse. Mutachotsa mwana wa kumapeto, dzanja lotsala lingosamukira kwa wotsatira. Masamu a mtundu umenewu ndi amene anapezetsa Nobel a Thouless, Haldane ndi Kosterlitz mu 2016. Chitsanzo chotchuka n'chakuti kapu ya tiyi ndi donasi n'zofanana chifukwa zonse zili ndi bowo limodzi, pamene mandasi alibe. Ungakanye mtanda mmene ungathere, bowo silibwera pang'onopang'ono, limafuna kuboola.

Nabanda: Pepani ndikubwezereni m'mbuyo. Ndiye kuti elekitironi yadukadi pakati? Ife tinaphunzira kuti siiduka.

Tiyamike: Siiduka amayi. Mukaona mphepo ikuwomba m'munda wa chimanga, funde limayenda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, koma palibe phesi limene lachoka pa phando lake. Fundelo lilipodi, ungaliyeze liwiro, koma sungalinyamule kupita nalo kunyumba. Majorana wa m'chitsulo ndi wotero, ndi khalidwe la maelekitironi ambirimbiri akamachita zinthu limodzi. Amene ankanena Ettore Majorana mwiniwake anali kanthu koyenda pakokha m'chilengedwe. Ambiri amaganizira neutrino, kanthu kopepuka kwambiri kopanda chaji, koma zimenezo sizinatsimikizike, akusakabe.

Gift Wamagetsi: Chabwino manja atsala awiri. Ndiye zikukhudza bwanji kompyuta?

Yamikani: Vuto lalikulu la quantum computer ndi kuiwala. Qubit, kachinthu kosunga uthenga m'kompyuta yotereyi, imasokonezeka ndi kaphokoso kalikonse, kutentha pang'ono, kamagetsi kodutsa. Tsono apa uthenga ndi woti kodi elekitironi ija ya matheka awiri ilipo kapena palibe. Phokoso likagwa kunsonga imodzi silingawerenge uthengawo, chifukwa theka limodzi palokha silinena kanthu. Zili ngati chikalata cha munda chong'ambidwa pakati, gawo lina ku Nsanje lina ku Chitipa. Wakuba afunika afike konse kuwiri nthawi imodzi.

Chinanso, ukasinthanitsa malo a ma Majorana, dongosolo lonse limakumbukira amene anadutsa mbali iti, ngati kuluka tsitsi. Chingwe cha kumanzere chikayamba kudutsa pamwamba, luko lake limasiyana ndi pamene chayamba cha kumanja. Kuwerengera kwa kompyutayo kungakhale kuluka kumeneko. Koma ndinene msanga: palibe amene wasonyeza kuluka kumeneku pa mzere wa maatomu.

A Mbewe: Tiya, bwerera ku zithunzi zija. Kuwala kwa kunsonga kuja ndiye dzanja lotsalalo?

Tiyamike: Funso lanu ndi limene anthu akhala akukangana kwa zaka zoposa 10. Ndifotokoze mmene zinayendera.

Chithunzi chimene mwachiona mwina ndi cha mu 2014, cha gulu la Yazdani yemwe uja, pano ali ku Princeton, Stevan Nadj-Perge ndiye anatsogolera pepalalo mu Science. Anawaza maatomu a ayironi pa mtovu woyera, n'kutenthetsa pang'ono, ayironiyo n'kudzindandalika yokha m'timizere. Anasankha mtovu dala. Ndi atomu yolemera, nambala 82, ndipo m'maatomu olemera spin ya elekitironi imakhotetsedwa ikamayenda, chimene timati spin-orbit coupling. Popanda chimenechi, maelekitironi a m'mzere amene spin yawo yaloza kumodzi sangagwirane manja monga anenera a Yamikani. Ndiwo zitatu zofunika mumphika: maginito, superconductor ndi kukhota kwa spin kumeneku.

Poyeza pa 1.4 K, anapeza chizindikiro chotukuka pa voteji ya ziro ndendende, pakati penipeni pa bwalo lija, ndipo chinali kunsonga kwa mzere osati pakati pa mzere. Majorana amayenera kukhala pa ziro pomwepo, chifukwa mu superconductor kampando kalikonse ka mphamvu ya pamwamba pa ziro kali ndi chithunzithunzi chake pansi pa ziro, ndipo kokhako kokhala pa ziro ndi kamene kangakhale chithunzithunzi cha iko komwe. Kuwala mwaonako ndi mapu a chizindikirocho, mitunduyo anachita kupaka pa kompyuta.

Gift Wamagetsi: Ndiye basi anapeza. Nkhani yatha, tiyeni tikagone.

Yamikani: Chikomekome cha mkuyu achimwene.

Tiyamike: Nyerere zake ndi izi. Choyamba, pa 1.4 K kutentha kumapakiza zimene ukuyeza ndi pafupifupi 0.4 meV (meV ndi kamuyeso kakang'ono ka mphamvu), pamene kabwalo katsopano koteteza Majorana m'mzeremo kamayembekezeka kukhala kocheperapo kuposa pamenepo. Zili ngati kuyeza kunenepa kwa tsitsi ndi rula ya kusukulu. Timipando tiwiri toyandikira ziro, kena pamwamba kena pansi, tingaoneke ngati kamodzi kokhala pa ziro. Chachiwiri, masamu amati Majorana weniweni ayenera kupereka chizindikiro cha msinkhu wodziwika, 2e²/h, koma chimene anayeza chinali chachifupi kwambiri. Chachitatu, chinapanikizika m'malo a nanomita imodzi kapena ziwiri kunsongako, pamene mu mtovu awiriawiri aja amatambasuka pafupifupi nanomita 80. Ena anati n'zosatheka. Gulu la Felix von Oppen ku Berlin linawerengera mu 2015 n'kusonyeza kuti n'zotheka ngati mzere wamamatira kwambiri pa mtovu, ndiye mfundo imeneyo inazizirako.

Magulu ena anabwereza. La Katharina Franke ku Berlin mu 2015 linapeza chizindikirocho pa mizere ina, ina ayi, komanso timipando tambiri m'bwalomo. La ku Basel linachiona mu 2016. A ku Princeton anabwereranso mu 2017 ndi makina ozizira mpaka 20 mK, ndiye kuti 0.02 K, ndiponso ndi singano ya maginito yoyeza spin, n'kunena kuti zotsatira zikugwirizana ndi Majorana. Koma a ku Berlin atayesa cobalt m'malo mwa ayironi pa mtovu womwewo, chizindikiro cha pa ziro sichinaoneke.

Nabanda: Kuchipatala timati malungo saweruzidwa ndi kutentha thupi kokha. Matenda ambiri amatenthetsa thupi. Zikumveka ngati zomwezo.

Tiyamike: Mwalasa amayi. Atomu ya kumapeto ili ndi mnansi mbali imodzi yokha, ndiye mwachibadwa imasiyana ndi za pakati. Kampando kake ka YSR kangagwere pa ziro mwangozi, popanda topology ina iliyonse. Mu 2022 gulu la ku Max Planck Institute ya ku Halle linamanga mizere ya chromium pa niobium, n'kupeza chizindikiro cha pa ziro kunsonga, kenako n'kusonyeza kuti si Majorana. Mutu wa pepala lawo ukunena poyera kuti non-Majorana. Kwa ine pepala limenelo ndi lamtengo kuposa ambiri onena kuti tapeza.

Kondwani: Ndalowa mochedwa, magetsi anathima kuyambira masana, foni inafa. Ndawerenga zonse. Niobium mukunenayi si yomwe ili kwathu ku Kanyika ku Mzimba, imene kampani ya ku Australia ya Globe Metals & Mining yakhala ikufuna kukumba?

Tiyamike: Ndi yomweyo achimwene. Koma musaganize kuti kafukufuku wathu ndiye adzagule. Kachidutswa kamene timagwiritsa ntchito n'kocheperapo kuposa batani la malaya, ndipo kamakhala zaka. Niobium yambiri padziko imachokera ku Brazil ndipo imathera m'zitsulo zolimba za mapaipi, magalimoto ndi zomangira. Ina imapita ku mawaya a niobium ndi titanium a maginito a makina ambiri a MRI.

Kondwani: Ndimafuna ndiyambe kuwerengera ndalama za quantum kkkk. Pitirizani.

A Mbewe: Wati anamanga mizere. Kumanga kotani? Ndimayesa maatomu amadzindandalika okha.

Tiyamike: Apa ndiye pamene mtima wanga uli, mundikhululukire ndikatalikitsa. Mizere ya ayironi pa mtovu imamera yokha, ndipo kawirikawiri imamera kuchokera pa kachulu ka ayironi, ndiye nsonga imodzi yakwiririka. Suungasankhe kutalika kwake, sudziwanso bwinobwino mmene atomu iliyonse yakhalira. Mtovu ndi wofewa, kukoka maatomu pamwamba pake n'kovuta. Ndiye anthu anasamukira ku zitsulo zolimba. Mu 2018 gulu la Roland Wiesendanger ku Hamburg linamanga mizere ya ayironi pa rhenium, atomu imodziimodzi, mpaka 40. Kenako ambiri anapita ku niobium chifukwa bwalo lake ndi lalikulu, pafupifupi 1.5 meV.

Makina ake ndi STM, amene Binnig ndi Rohrer anapanga ku IBM ku Zurich mu 1981. Ndi singano yosongoka mpaka atomu imodzi kunsonga, yolendewera pamwamba pa chitsulo osakhudza, maelekitironi n'kumadumpha kampatako. Mu 1990 Don Eigler ndi Erhard Schweizer anasonyeza dziko zilembo IBM zolembedwa ndi maatomu 35 a xenon. Ife timachita zomwezo. Umayang'ana kaye malo, maatomu a manganese amaoneka ngati timiyala tomwazika pa mkeka. Umasankha imodzi, kutsitsa singano mpaka atomuyo iyambe kuimva, kenako kuikoka pang'onopang'ono. Siitsetsereka, imadumpha kuchoka pa kadzenje kena kupita kena, ndipo ku labu kwathu tinalumikiza sipika, ndiye umamva thu, thu, thu, kudumpha kulikonse. Ukamva phokoso lina lachilendo, dziwa kuti atomu yakwera pa singano, singano yaonongeka, mwina tsiku lonse lapita. Sabata yatha ndinafika pa atomu 17, ya 18 inakana pokhala, inakakhala pambali ngati mlendo wosaitanidwa, poichotsa ndinagumula zitatu.

Ndipo musanafike pamenepo, kuyeretsa niobium ndi nkhondo. Imamwa okosijeni ngati siponji. Umaitenthetsa mobwerezabwereza kufika pafupi ndi posungunukira pake, ndipo imasungunuka pa madigiri 2477, ukapitiriza pang'ono kachidutswa kodula kaja kasanduka dontho. Timakondanso kuyeza usiku, sitima za mumsewu zikasiya kugwedeza nyumba.

Gift Wamagetsi: Asa. Ine ndikagwetsa sikuluu m'denga ndimatukwana tsiku lonse, inu mukugwetsa atomu.

A Mbewe: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma phindu la kuvutika konseku n'chiyani, ngati chizindikiro n'chomwecho chokayikitsa?

Tiyamike: Phindu n'lakuti tsopano ungamufunse mafunso mkaidiyo, osangomujambula chithunzi. Ngati manja awiri aja alidi a elekitironi imodzi, nsonga ziwiri ziyenera kumvana. Lucas Schneider ndi anzake ku Hamburg anachita zimenezi ndi manganese pa niobium. Mu 2022 anasonyeza kuti akaonjezera atomu kunsonga imodzi, chizindikiro chimasintha kunsonga zonse ziwiri mofanana, ndipo mphamvu yake imakwera ndi kutsika mozungulira ziro mzere ukamatalika, monga masamu amanenera za ma Majorana awiri amene akadali oyandikana kwambiri moti akukhudzana. Koma onani ulemu wawo: sanati tapeza Majorana. Anati precursors, ndiye kuti akalambulabwalo. Chifukwa kabwalo koteteza kaja sikanaoneke kotseguka bwino m'mizere imeneyo, ndipo popanda iko chitetezo chonse chija chimene a Yamikani amatamanda palibe. Chaka cha m'mbuyo mwake, pomanga mzere moloza mbali ina pa niobium yomweyo, anaona kabwaloko, koma Majorana kunsonga kunalibe. Uku ndiwo zilipo nsima palibe, uko nsima ilipo ndiwo palibe.

Ungasinthenso mtunda wa pakati pa maatomu ndi mbali imene mzere waloza. Pa niobium, manganese ukaindandalika mbali ina ma spin onse amaloza kumodzi, mbali ina amasinthana, uyu kumwamba uyu pansi. Zonsezi pa mzere womera wokha sungazichite.

Yamikani: Ine pano ndi pamene ndimasiyana nanu asisi. Niobium ndi yopepuka, nambala 41, theka la mtovu, ndiye spin-orbit yake ndi yofooka, n'chifukwa chake kabwalo kamavuta kutseguka. Mwathawa chitsulo chokhala ndi ndiwo yofunika chifukwa choti n'chofewa. Ndiponso ngakhale mutapeza mawa, mzere wa maatomu muuluka bwanji? Mulibe mawaya owongolera ngati a timawaya ta semiconductor, muli ndi singano imodzi basi. Kompyuta siidzachokera kumeneko. A ku Delft mu 2023 anapanga mzere wa Kitaev wa ma quantum dot awiri okha, timalo ting'onoting'ono totsekeramo maelekitironi, chilichonse akuwongolera ndi voteji. Kumeneko ndiye ndingaike ndalama yanga.

Tiyamike: Za spin-orbit mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake anthu akuyesa kuyala kansalu kopyapyala ka chitsulo cholemera pamwamba pa niobium asanamange mzere, kapena kugwiritsa ntchito tantalum. Za kompyuta sindikutsutsani, inenso sindikhulupirira kuti laputopu ya mdzukulu wa aphunzitsi idzakhala ndi STM m'kati. Koma ma dot awiri aja eni ake amawatcha poor man's Majorana, a munthu wosauka, chifukwa alibe chitetezo cha topology, ukangopotoza voteji pang'ono achoka pa ziro. Ndipo kumbukirani chimene chinachitika ku njira ya timawaya. Delft mu 2012 inasangalatsa dziko lonse ndi chizindikiro cha pa ziro. Pepala la mu 2018 mu Nature lonena kuti afika pa 2e²/h ndendende linabwezedwa mu March 2021, Sergey Frolov ndi Vincent Mourik atapempha deta yonse n'kuona kuti zimene zinasindikizidwa sizikugwirizana ndi zonse zimene zinayezedwa. M'kawaya simuona m'kati, mumangoyeza magetsi otuluka kumapeto, zinyalala zimene zili m'katimo mumangoziganizira. Ife atomu iliyonse timaiona, timaidziwa dzina ndi pokhala. Chizindikiro chabodza chikabwera tili ndi pochigwirira.

Yamikani: Pamenepo ndavomera theka, theka linalo lili kunsonga inayo.

Nabanda: Kkkkk Yamikani iwe. Koma asisi, ndiye za Microsoft zija n'zabodza?

Tiyamike: Sindinganene choncho amayi. Chimene ndinganene n'chakuti pepala lawo la mu Nature limene linatuluka limodzi ndi chilengezocho linali lokhudza njira yoyezera, ndipo akonzi a magaziniyo analemba okha m'zikalata za kuunika kwa pepalalo kuti zotsatirazo si umboni woti muli ma Majorana zero mode, ma Majorana a pa ziro aja. Kampaniyo imati ili ndi umboni wina woonjezera, akatswiri ambiri akuti sunakwane. Mkangano wa akatswiri ukadalipo.

Kondwani: Ine funso langa n'lina. Ngati Majorana sapezeka, zaka zonsezi ndi maatomu anu zapita m'madzi?

Tiyamike: Ayi ndithu. Pali zambiri zimene tinakumana nazo panjira zimene palibe ankazisaka. Mwachitsanzo, masamu oyambirira ankatenga atomu ya maginito ngati kamuvi kolozera mbali imodzi kosagwedezeka. Koma atomu imodzi si maginito a pa chitseko cha firiji, spin yake ndi ya quantum, ingathe kukhala m'mbali ziwiri nthawi imodzi ndi kulukana ndi ya mnansi wake. Gulu la Franke pomanga mizere ya ayironi pa niobium diselenide linapeza zinthu zimene zimamveka bwino pokhapokha utaitenga spin mwa njira imeneyi. Palinso nthawi imene atomu imakoka elekitironi mwamphamvu mpaka kulanda mmodzi mwa awiriawiri aja n'kumusunga, ndipo ungaikankhire pa malire amenewo pongoyandikitsa singano, n'kuonerera kampando kake kakuwoloka ziro. Ndinaziona koyamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndili ndekha m'labu, ndinaimirira n'kuyamba kuyendayenda opanda womuuza. Ena asiya mizere akumanga tizilumba ta maatomu, kumene m'mphepete monse mungayende ma Majorana m'malo mwa nsonga ziwiri zokha.

A Mbewe: Ndamva. Ndiye Lolemba ndichita chonchi: ana 10 panja, manja, bwalo la chitelele, kenako ndimuuza mnyamata uja kuti masamu ake ndi olimba koma nyamayo sinagwidwe poyera, alenje akuona mapazi okha, ndipo fisi ndi galu mapazi awo amafanana. Ndalakwitsa?

Yamikani: Simunalakwitse aphunzitsi. Mungoonjeza kamodzi: mwana wina pakati pa mzere asiye dzanja la mnzake, ana aone kuti manja otsala akhala anayi. Ndi mmene kachilema kamodzi m'mzere kamabalira zizindikiro pamalo osayembekezeka.

Gift Wamagetsi: Ndipo muwauze kuti amene akane kugwira dzanja la mtsikana ndiye impurity.

Nabanda: Gift, pagulu pano pali akuluakulu.

A Mbewe: Musiyeni, sananame, Fomu 4 yanga ndikuidziwa. Tiya, ungandipezere chithunzi chimodzi cha mzere wako womwe wamanga ndi manja ako? Ndikufuna ndikawauze kuti wajambula uyu ankakhala desiki yachitatu kuchokera pawindo.

Tiyamike: Yachinayi aphunzitsi, yachitatu inali yothyoka mwendo. Ndipempha kaye kwa oyang'anira kafukufuku wanga, chifukwa zimene sizinasindikizidwe salola kutulutsa, koma cha mzere woyeserera wa maatomu 9 sindikuona vuto. Ndikutumizirani ku inbox mawa madzulo. Pano ndithamange, helium yatsika m'makina ndipo ndikachedwa kuthira atenthera, maatomu 15 anga aja amwazika.